Makaseti Khumi a ku Nselema

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi, ndipo anaipeza ali khale pa benchi yawo ya matemba mumsika wa Balaka. Chinali chaka cha chilala chachikulu chija, chomwe tinadya chimanga chachikasu. Kwathu ku Utale mmera unapserera usanafike m'mawondo, ndipo mbuzi tinagulitsa imodziimodzi mpaka m'khola munayamba kugona nkhuku. Ine ndinali nditakhoza mayeso a Fomu 2, koma fizi ya Fomu 3 inalibe kochokera. Bambo anali atatisiya kale, pambuyo panga pali azing'ono anga atatu. Ndiye ndinkangokhala pambali pa amayi, kuunjika timilu ta matemba ndi kuingitsa ntchentche.

Tsiku lina kunabwera Che Amidu kudzagula ndiwo. Awa anali ndi sitolo ya nsalu ndi zitsulo za njinga kuseri kwa depoti, bambo wamtali wosakonda kuseka, amene anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni. Anadandaulira amayi kuti akufuna munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi, koma asakhale mnyamata.

"Anyamata ndalembapo awiri," anatero. "Onse amangosewera okha, makasitomala ali chiimire."

Amayi sanafunse n'komwe kuti kusewera chiyani. Anangondiloza ndi mlomo. "Uyu Felesita. Chizungu amachita kutafuna."

M'mawa mwake ndinasita diresi, n'kupisa khadi ya chipani pa mpango poti popanda imeneyo masiku amenewo sunkadutsa pa geti ya msika, ndi kupita. Che Amidu ananditengera ku kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Munali mabenchi anayi, chinsalu chakuda pa zenera, ndi TV yaikulu pa tebulo. Ine TV ndinali nditangoimva. Dziko lathu linalibe nyumba youlutsira TV nthawi imeneyo, ndipo ochepa amene anali ndi TV ankaonerapo matepi basi. Bwana anadina kabatani, pagalasi n'kutulukira kamunthu kofupika, kakuthamanga. Anandipatsa kachipangizo ka waya m'manja n'kunena kuti, "Dina apa." Nditadina, kamunthu kaja kanadumpha. Mayo ine! Ndinataya chinthucho pansi n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda benchi. Ndinkaona ngati kandimva.

"Wataya koyamba komanso komaliza," anatero Che Amidu akutola. "Ubwere mawa seveni koloko."

Ntchito yake inali yotere. Pansi pa TV panali makina a magemu, kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi pakamwa pamwamba polowetsera kaseti. Makaseti ake sanali a tepi ngati a nyimbo, iyayi. Anali olimba, mkati muli kathabwa kobiriwira ka mano agolide m'munsi. Kunali zogwirira ziwiri zimene tinkazitcha mapadi, waya wochoka ku makina kupita kumbuyo kwa TV polowera eriyo, ndi adaputa ya magetsi imene inkatentha moti tinkaikhazika pa njerwa. M'mawa uliwonse ndinkapukuta fumbi, kulumikiza mawaya, n'kupotokola kanobu ka TV pang'onopang'ono mpaka timadontho tothwanima tija, tomwe tinkati mpunga, titachoka. Kaseti sunkaizula makina ali oyaka. Ikakana kugwira unkathimitsa, kuiuzira m'kamwa mwake katatu, ndipo ikakanabe unkakulunga thonje ku kamtengo ka machesi, kuviika mu sipiriti, n'kutsuka mano aja limodzilimodzi. Mwana akalipira ndinkatchera wotchi ya belu. Belu likalira padi ipite kwa wina, kaya walira kaya watukwana.

Pansi pa benchi ya kumapeto panali zida za tsiku lozima magetsi: batire la galimoto, ka TV kakang'ono kopanda mitundu, ndi waya wa timano tiwiri umene bwana anapanga okha, kofiira ndi kakuda. Batire limenelo ndinkadana nalo zedi. Kulemera kwake ngati mwala wa mphero, ndipo tsiku lina asidi wake anandiboolera chitenje chatsopano, mabowo atatu pantchafu penipeni.

Malipiro anali ochepa, koma mwezi ukatha ndinkagula chimanga n'kutumiza ku Utale. Azing'ono anga ankadya chifukwa cha kamunthu kodumpha kaja. Mukamawerenga zotsatirazi muzikumbukira zimenezo.

Vuto linali lakuti makaseti tinali nawo atatu okha: ya kamunthu kodumpha, ya akasinja owomberana, ndi ya timatabwa togwa kuchokera kumwamba toti uzitiyala. Patatha miyezi isanu ana a pa Balaka anali atawaloweza onse. Ena ankasewera akuyang'ana kumbali, kucheza ndi anzawo. Mabenchi anayamba kuchepa anthu. Masana ena ndinkangokhala ndekha, kumvera wotchi.

Ndiye chakumapeto kwa Ramazani, mwezi umene Asilamu amasala kudya, Che Amidu anamva kwa ogulitsa nsomba kuti ku Nselema kuli bambo wina, Che Bwanali, amene ali ndi katoni yathunthu ya makaseti ndipo akugulitsa motchipa, pa mtolo. Idi inali itayandikira. Ana a Chisilamu amapatsidwa timakobidi pa Idi, ndipo tsiku limodzi limenelo likanatha kudzaza mabenchi kuposa mwezi wathunthu. Bwana sakanasiya sitolo pa sabata yomwe aliyense amagula nsalu, komanso anali pa swaumu, kusala kudya kuja. Anandiitana.

"Upita iweyo mawa. Unyamule makina, ka TV kakang'ono ndi batire. Kaseti iliyonse uyese usanapereke ndalama. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Kumva ndinamva ndithu. Koma m'mawa mwake, iwo ali ku mzikiti, ndinaima m'kachipinda muja nditavala diresi yanga ya ku tchalitchi, ya maluwa abuluu. Ndinaliyang'ana batire, nalo likundiyang'ana. Ndinaganiza za matope a msewu wa ku Ntaja, za kukwera matola batire lili pamiyendo, za anyamata ondiseka. Ndinadziuza kuti, kodi Chingerezi ndinaphunzirira chiyani? Pa kaseti pamakhala polemba. Ndikawerenga. Ndinakankhira batire mkati mwa benchi ndi phazi, n'kutenga kachikwama kanga kokha. Ndinayenda wopepuka ngati mlendo wa ukwati.

Basi inandisiya pa Liwonde, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera lole ya matola yodzaza madengu opanda kanthu a anthu opita ku Chiuta kukapikula nsomba. Ndinafika pa Nselema dzuwa lili pamutu. Che Bwanali sanavute kupeza. Anali mkulu wa imvi, wa kofia yoyera, ndipo kagolosale kake kankanunkha nsomba zouma mpaka kunja. Anandiuza kuti katoniyo anamusiyira munthu wina wochokera ku Joni posinthana ndi njinga. Anaikoka pansi pa kauntala.

Abale inu, sindinaonepo zokongola chotero. Makaseti achikasu waliwali, khumi, atamangidwa pamodzi ndi linya ngati mtolo wa nkhuni. Pa chikuto chilichonse panali zithunzi za ndege, zinjoka, anthu a minofu, ndi nambala yaikulu yofiira: 999. M'munsi analemba m'Chingerezi kuti magemu onsewo ali m'kaseti imodzi. Ndinawerenga mokweza kuti mkuluyo amve kuti kwabwera wophunzira. Ife ku Balaka tikuvutika ndi magemu atatu, kuno kaseti imodzi ili ndi mazana asanu ndi anayi n'kanthu! Kuli bwanji khumi?

"Ukatenga mtolo wonse ndikutsitsira," anatero Che Bwanali. "Andikwana, angonditsekera malo a nsomba."

Tinanenerera pang'ono, iye n'kutsitsa, ine n'kuvomera msangamsanga kuopa kuti angasinthe maganizo. Pomanga katundu anapisa dzanja m'katoni n'kutulutsa makaseti ena, otuwa, zikuto zosupuka, opanda nambala iliyonse.

"Awa ndi zinyenyeswa," anatero. "Tenga awiri, basera."

Ndinaseka. Ine ndithu, Felesita, ndinakana basera! "Iyayi agogo, zopanda nambalazo mupatse ana aziseweretsa."

Ndinafika ku Balaka madzulo a tsiku lotsatira, anthu akuyang'ana kumwamba kufuna mwezi. Che Amidu anali atangomasula swaumu, kapu ya tiyi ili m'manja, makasitomala a nsalu adakali pakhomo. Anauyang'ana mtolo uja, nkhope yawo n'kuwala pang'ono, chinthu chimene sindinachionepo. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Wayesa?"

Pakamwa panga panayankha ndisanaganize. "Eya bwana, ndayesa."

"Onse?"

"Onse."

Mwezi unaoneka, anthu n'kukuwa m'misewu kuti mawa ndi Idi. Ine ndinatenga katoni, n'kulembapo ndi makala zilembo zikuluzikulu kuti MAGEMU ATSOPANO MAZANAMAZANA, ndi kukhoma pakhomo. Ndikanatha kulowa n'kuyesa kaseti imodzi yokha. Magetsi analipo, kiyi ndinali naye. Koma ndinali nditatopa, komanso nambala yofiira ija ndinkaikhulupirira kuposa maso anga.

Pa Idi m'mawa, swala ya ku mzikiti itatha, kunabwera ana amene sindinawaonepo chiyambire ntchito. Anyamata a mikanjo yatsopano, atsikana a mipango yonyezimira, ena mpaka ochokera ku midzi ya kutali atamva za chikwangwani. Chaka chinali cha njala, timakobidi tawo tinali tochepa, koma aliyense anafumbata kake. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pansi, ena pa zenera. Che Amidu anaima pakhomo atavala mkanjo woyera, manja kumbuyo.

Ndinadula linya, n'kusankha kaseti ya pamwamba. Ndinalowetsa, kuyatsa. Pagalasi panabwera mndandanda wa maina, mizere yotsika mpaka pansi, ana n'kuwomba m'manja. Ndinadina nambala wani. Kunatuluka akasinja. Omwe aja, athu a masiku onse. Ndinati palibe kanthu, mwa mazanamazana imodzi ikhoza kufanana. Nambala thu: kamunthu kodumpha. Nambala fili: timatabwa togwa. Folo inali ya kanyani kokwera chingwe, yatsopano koma yaifupi, ndipo faifi inali ya kumenya kampira pakhoma. Ndinapumirako. Ndiye ndinadina sikisi.

Akasinja.

Dzina linali lina, koma akasinja omwewo, kungoti udzu wake unali wofiirira. Seveni: kamunthu kodumpha, kuyambira pakati pa njira. Eyiti: timatabwa. Ndinathamangira kutsogolo, tsamba ndi tsamba. Nambala 100, akasinja. 350, kanyani. 999 yeniyeniyo, yomaliza, kamunthu kodumpha katavala zobiriwira.

Kamtsikana kena ka pa benchi ya kutsogolo kanalankhula mokweza, mosalakwa. "Anti, iyi si yomwe ija?"

Ndinathimitsa, kuzula, kulowetsa kaseti yachiwiri. Chikuto chake chinali ndi chinjoka cholavula moto. Mndandanda womwewo. Yachitatu, ya ndege: womwewo. Yachinayi sinayake n'komwe, ndinauzira mpaka chizungulire, kutsuka ndi sipiriti, osatheka. Yachisanu, yachisanu ndi chimodzi, mpaka yakhumi. Makaseti khumi, zikuto khumi zosiyana, mkati magemu asanu omwewo, ndipo atatu mwa iwo tinali nawo kale. Ndinkangoti kakasi, kaseti ili m'manja, kuitembenuza uku ndi uku ngati penapake palembedwa kuti ndalakwitsa kuyatsa. Zoona anthu angalembe bodza ndi makina, m'Chingerezi, n'kulimata bwinobwino? Mutu wanga unkakana.

Mnyamata wina kumbuyo anayamba kuseka, anzake n'kutsatira. "Mazanamazana!" anakuwa. "Akasinja mazanamazana!"

Che Amidu sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Analowa, kudutsa pakati pa ana, n'kufika pa benchi ya kumapeto. Anawerama, mkanjo woyera ukukhudza pansi, n'kukoka batire lija. Anapititsa chala pamwamba pake, n'kuchikweza kuti ndione. Fumbi lokhalokha, ndi ulusi wa kangaude. Anatembenukira kwa ana n'kuwauza kuti aliyense atenge kobidi yake, lero kulibe magemu. Anatuluka mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza, kamtsikana kaja kakulira poti kanayenda mtunda wautali. Titatsala awiri anandifunsa motsitsa mawu.

"Amayi ako akamapikula dengu la matemba, amayang'ana pamwamba pokha?"

"Iyayi."

"Amatani?"

"Amapisa dzanja mpaka pansi."

"Siya kiyi pa tebulo."

Zimene ndinaona pamenepo si TV kapena makaseti, koma azing'ono anga ku Utale, ndi thumba la chimanga limene linali litatsala pang'ono kutha, chimanga cha m'munda chisanakhwime. Ndinagwada pa simenti. Ndinawapempha kuti andibwereke batire, ka TV ndi makina, ndibwerere ku Nselema tsiku lomwelo.

"Lero ndi Idi, sindikufuna kukwiya," anatero. "Nyamula. Kiyi akhale pomwepo."

Nkhani pa Balaka siichedwa. Ndisanamalize kumanga katundu, amayi anali atafika kuchokera kumsika, manja akununkha matemba. Ndinawaululira zonse, mpaka za basera amene ndinakana, koma sananditukwane. Anavula chitenje chawo cha pamwamba, kuchipota nkhata, kundiika pamutu, n'kundisenza batire. Makina ndi makaseti ndinabereka kumbuyo ngati mwana, ka TV m'manja. Atatero ndi pomwe analankhula.

"Basera akakupatsanso, ulandire. Sindinabereke mwana wa bwana ine."

Ulendo umenewo sindiuiwala. Pa tsiku la Idi magalimoto anali osowa. Pa Liwonde ndinadikira mpaka ndinapeza kapikapu kodzaza anthu opita kukacheza kwa abale. Msewu unali matope, galimoto ikamagwa m'maenje batire linkakhavukira, ndipo pofika pa Ntaja diresi yanga ya maluwa abuluu, yomwe ija ndinkaiteteza, inali itayamba kudyeka pamiyendo. Mayi wina anandifunsa ngati ndikusamuka pa ukwati.

Golosale ya Che Bwanali inali yotseka. Anandilozera kunyumba kwake, kuseri kwa msika. Ndinapeza anthu ali pa mikeka pansi pa mtengo wa mango, amuna uku akazi uko, akudya mpunga. Ndinalowa ndi ukali wanga wonse, nditakonza kale mawu m'njira monse: wakuba, tambwali, nkhalamba yopanda manyazi. Koma iye atandiona anaimirira n'kundilonjera ngati mlendo wake, n'kuuza mkazi wake kuti andipatse madzi ndi chakudya. Ndinangoti, "Agogo, ndabwera kudzakuonetsani katundu wanu."

Ndinatula pa khonde. Ndinalumikiza ka TV ku batire, kofiira ku pulasi, kakuda ku mainasi, kenako makina, kenako waya wa eriyo. Ndinapotokola kanobu mpaka mpunga wa pagalasi unachoka. Akasinja atangotulukira pagalasi, bwalo lonse linadzuka. Amayi ena anathawira kuseri kwa nkhokwe. Che Bwanali anagwira kofia yake ndi manja awiri.

"Wallahi! Zimenezi zinali m'katoni mwanga?"

Ndinamuyang'ana. "Simunazionepo?"

"Ndikazionera pati, mwanangu? Kuno magetsi kulibe. Ine ndinkangomva kuti ndi za pa kanema."

Munthu amene ndinabwera kudzamuyalutsa sankadziwa n'komwe chimene ankagulitsa. Ndinamuonetsa wani, sikisi, handiredi, 999, kaseti ndi kaseti. Anthu anayamba kuwerengera limodzi, akasinja akatulukanso onse n'kukuwa. Mkuluyo sanaseke. Anakhala pansi pa khonde, manyazi ali pankhope.

"Ine ndinasankha ngati nsomba," anatero. "Za nambala yaikulu ndinati ndizo zikuluzikulu, n'kumanga mtolo. Zopanda nambala ndinati zinyenyeswa. Ndakudyetsa zoola pa mwezi wopatulika."

"Zinyenyeswa zija zili kuti?"

Anakanda m'mutu. "Unati ndipatse ana."

Anaitana adzukulu ake. Abale, zimene ndinaona! Anabwera akukoka magalimoto ndi zingwe. Makaseti atatu anali atawaboola ndi msomali wamoto, kulowetsa timitengo, n'kuika mateyala a zitsekerero za mabotolo. Ina anali atailongeza mchenga ngati lole. Ndinagwira pakamwa. Ndi pakamwa panga pomwepa ndinalamula zimenezi! Ena anayi anawapeza m'golosale, awiri atachirikiza mwendo wa tebulo la sikelo.

Ndinakhala pa khonde paja ndi thonje, machesi ndi kabotolo ka sipiriti, anthu atandizungulira. Ndinatsuka mano a kaseti yoyamba yotuwa, kuuzira, kulowetsa. Panalibe mndandanda. Panangobwera bwalo la mpira, timu ziwiri, wosewera aliyense akuthamanga payekha. Amuna onse anakuwa ngati ali ku sitediyamu. Yachiwiri inali ya mpikisano wa njinga zamoto. Yachitatu ya karate, anthu awiri kumenyana, yoti mapadi onse awiri agwire ntchito. Yachinayi inali yakufa. Iliyonse inali ndi gemu imodzi yokha, koma yathunthu, yaitali, yosiyana ndi inzake. Ulendo uno sindinathamange. Iliyonse ndinaisewera mpaka kudutsa magawo angapo, kuthimitsa, kuyatsanso, kuona ngati ibwerera.

Pa magalimoto atatu aja, awiri msomali unali utapyoza kathabwa ka mkati, ndiye kunalibe chochita. Yachitatu ndinaichotsa mateyala, kukhuthula mchenga, n'kuisuzumira padzuwa. Msomali unali utadutsa m'mbali. Mwini galimoto, kamnyamata ka zaka ngati zisanu, kanalira ngati ndakapha. Ndinatsuka, kulowetsa, kuyatsa. Inagwira! Inali ya munthu woyenda m'nkhalango ndi m'mapanga kufunafuna njira, gemu yaitali moti pa Balaka palibe anaimaliza mpaka chaka chinatha.

Che Bwanali anati nditenge anayi amoyowo, ndimusiyire khumi achikasu aja adzukulu apangire magalimoto ena. Ndinasiya asanu ndi anayi, imodzi ndinatenga chifukwa cha kanyani ndi kampira. Mkazi wake anandipatsa pogona, ndipo m'mawa anandimangira kamtolo ka nsomba zouma. "Basera," anatero mkuluyo. Ndinalandira ndi manja awiri.

Ndinafika ku Balaka masana, diresi ili mabowo okhaokha. Che Amidu anayang'ana makaseti otuwa aja, makamaka ya mabowo anayi m'mbali. Anatseka sitolo, chinthu chimene sankachita masana, n'kukhala pa benchi ya kutsogolo. Anayesa okha, imodziimodzi, ine nditaima kumbuyo. Pa ya mpira anachedwapo kwambiri. Atamaliza anatenga kiyi pa tebulo, pomwe ndinamusiya paja, n'kundipatsa.

"Za makasetiwa zatha," anatero. "Aliyense amapusitsidwa kamodzi. Koma ndinakufunsa funso, ndipo unandiyang'ana m'maso."

Ana anabwerera sabata yomweyo, Idi itapita ndi timakobidi take. Gemu ya mpira inadzaza mabenchi, mpaka akuluakulu a pa depoti ankabwera pa nthawi ya nkhomaliro. Chimanga chinapitanso ku Utale mwezi umenewo ndi miyezi yotsatira, ndipo azing'ono anga anafika pa zokolola ali amoyo. Ndinagwira ntchito pamenepo zaka zitatu, ndipo makaseti onse otsatira ndinkagula ndine.

Lero ndili ndi kashopu kanga ka mafoni, ndipo achinyamata amabwera ndi timakadi todzaza magemu, ati agula motchipa, mazanamazana pamodzi. Ndimawauza zomwe ndinaphunzira. Usawerenge nambala ya pachikuto, werenga magemu amene ungasewere. Tsegula woyamba, wa pakati ndi womaliza. Chotsa amene uli nawo kale, uone ngati otsalawo akuyenera mtengowo. Zinayi zosiyana zimaposa mtolo wa zofanana, ndipo ngati wogulitsa sakulola kuyesa, ndalama yako ibwerere m'thumba. Amandiseka kuti anti ndinu ovuta, koma amabweranso.

Chimene sindiwauza kawirikawiri ndi ichi. Pa zaka zitatu zonse zija, Che Amidu sanandifunsenso kuti, "Wayesa?" Ngakhale kamodzi. Ndikabwera kogula makaseti ankandilonjera bwinobwino, kufunsa za ulendo, kenako n'kupita ku benchi ya kumapeto, kuwerama, ndi kupititsa chala pamwamba pa batire. Nthawi zonse ankapeza lopanda fumbi, ndipo nthawi zonse ankaweramabe. Ndinkaima pakhomo kudikira kuti tsiku lina andifunse ndi pakamwa, ndiwayankhe, akhulupirire. Mpaka ndinatsanzika ntchito, tsikulo silinafike.